Agalu Adothi a Achimwene Anga

Mdzukulu wanga Tadala wandionetsa pafoni kanema wa agalu azidole. Akuti anthu amawasuntha pang'onopang'ono ndi manja n'kumajambula, ndipo akatswiri akunja ayamikira kwambiri. Ine fungo la dothi lonyowa linangondibwerera.

Tili ana ku Kawale, achimwene anga a Limbani ankaumba agalu ndi dothi lakudambo, n'kuwayanika pakhonde. Tsiku lina masana kuholo ya tchalitchi kunabwera bambo wina ndi makina a kanema. Anatchinga mawindo ndi mabulangete, napachika nsalu yoyera. Pansalupo panaoneka agalu adothi, akuyenda, akugwedeza michira!

Ndinakuwa. Ndinkaganiza kuti apakhonde pathu aja adzuka, atitsatira.

Potuluka, a Phiri okhoma mipando ankangoseka. "Koma anthuwa ali ndi luso, Amayi!"

"Luso lanji?" anayankha amayi anga, atandifinya dzanja. "Wouzira dothi mpweya ndi Mulungu yekha. Izi n'zamatsenga."

Titafika kunyumba, amayi anatola agalu onse a achimwene n'kuyamba kuwasinja mumtondo uku akupemphera. A Limbani anawachonderera.

"Amayi, wamawangayo ndisiyireniko."

Munsi unagwa ndithu.

Ine ndinkasangalala kuti tapulumuka. Achimwene sanaumbenso galu, lero amaumba njerwa ku Chinsapo.

Ndimathokoza Mulungu potipatsa mayi wotiteteza, koma lero ndi pamene ndaona kuti chimene chinaphwanyika mumtondo muja inali mphatso yochokera kwa Mulungu yemweyo.