Disiki Yaulesi pa Chinkhoswe cha Mdzukulu Wanga

Ine sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo, koma seva ndinaiona ndi maso angawa. Ee, ndinaiona, ndinatsala pang'ono kuisolola matumbo!

Inali nyengo ya dzuwa lathu lija la ku Chikwawa, lija nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimamutcha mkazi mnzanga, amagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina pa boma. Loweruka linali tsiku la chinkhoswe chake kwathu kwa Kasisi. Akuchimuna ankachokera kutali, kwa Ndamera, ndipo malume a mnyamatayo anali atatumiza kale mawu awo: "Mkazi wa mu ofesi amakwatiwa ndi ofesi. Tikafika osamupeza, tibwerera, ndipo sitidzabweranso."

Lachisanu mwana sanatulukire. Ndinamanga mpango, ndinakwera kabaza, ulendo wokamutenga ndekha.

Ndinamupeza m'kachipinda kozizira ngati m'kati mwa mtsuko. Ha! Kuzizira konseku m'Chikwawa muno akusungira chitsulo, anthu tikupsa panja! Ndinakhala pansi, miyendo tambalale.

"Agogo, mwadzatani kuno?"

"Ndadzaona mwamuna amene wakutsekera muno. Ndi wakudayu?"

Chinali chibokosi chachitali, chikung'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Seva ndi imeneyo, yosunga zonse zimene a mu ofesi amalemba pa makompyuta awo. Matenda ake anali akuti kuwerenga zakale inkawerenga bwino, koma ikati ilembe chatsopano, inkakoka miyendo. Munthu adine kuti asunge ntchito yake, apite akamwe madzi, acheze ndi alonda, abwere, chikadazungulirabe. Abwana anali atalamula kuti mwanayo asachoke mpaka chichire, poti Lolemba kunkayamba ntchito yolemba alimi.

"Mawaya ndaona, ali bwino," anatero mdzukulu wanga. "Malo sanadzaze. Batire ya kakhadi kolamulira madisiki ndinkaikayikira, koma ndi yamoyo. Atsala madisikiwo."

Anandionetsa madisikiwo, timadirowa tondondozana pamimba pa bokosi. Akuti anawamanga pamodzi, kumangako dzina lake reidi, kuti chilichonse cholembedwa azigawana, ndipo imodzi ikafa, anzake amakumbukira zake. Koma chinthu sichilowa mpaka onse atamaliza gawo lawo.

"Ngati kusinja atatu mumtondo umodzi," ndinatero ine. "Wina akachedwa kutula munsi, nonse mwaima."

"Eya, Agogo."

"Basi waulesi ndi uyu wophethiraphethirayu. Ndimusolole?"

Anandigwira dzanja ngati ndikutola njoka. "Agogo! Mukasolola yamoyo pamene ina ikudwala, zonse za mu ofesi muno zapita!"

Ndinabweza chala changa, ndinachikhalira.

Anayesa imodziimodzi, maso pa galasi la kompyuta, milomo ikuyenda yokha. Yaulesi inapezeka ina, ya kumapeto, yofatsa, getsi lake lobiriwira bwinobwino ngati munthu wa kwaya. Sinafe, ayi. Inkangobwereza kulemba pamalo pamodzimodzi, anzake akuidikira. Yatsopano inali ku Blantyre, akuti ibwera mawa pa minibasi.

"Mawa? Iwe mkazi mnzanga, mawa tikukugawira mwamuna!"

"Ikafika ndiika, ndione kuti yayamba kukopera za anzake, ndithamanga. Agogo, ndigwirireni alendowo."

Ndigwirireni! Mawu otsekemera ngati nzimbe. Ndinabwerera ndikuimba njira yonse.

Loweruka a kwa Ndamera anafika msanga, tambala wawo m'manja. Malume aja, jekete lakuda dzuwa lonselo, anakhala pansi pa mtengo wa nimu, maso ku khomo la nyumba.

Tsono mwambo wathu ndi wotere. Mkwati satuluka yekha. Timayamba kutulutsa atsikana ena ofunda zitenje kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ankhoswe akuchimuna avundukule, anene ngati ndi wawo. Amatuluka awiri kaya atatu, anthu aseka, kenako mwini wake. Tsiku limenelo ine ndinasesa mudzi wonse.

Woyamba ndinamuyendetsa ngati nkhono, ine patsogolo ndikuvina chammbuyo, nyimbo ndikuibwereza mpaka inatha mchere. Avundukula, mng'ono wake wa mkwati. Wachiwiri, mayi woyamwitsa, mwana wake akulira m'nyumba. Kenako anzanga a ku tchalitchi, wonenepa, wamtali, wamfupi ngati chitsa.

"Ninji pyenepi?" anafunsa malume m'Chisena chawo, kutanthauza kuti n'chiyani zimenezi.

"Ndi mwambo, ankhoswe. Kuno atsikana ndi ochuluka, sankhani bwino."

Atsikana anatha. Ndinafundika akulu anga oyendera ndodo, ndodoyo ndinaibisa m'chitenje momwemo. Ndinafundika mlamu wanga wa ndevu, mapazi ake ngati makasu akusuzumira pansi. Atamuvundukula anachita manyazi ngati namwali, kuluma chala. Anthu anagubuduka m'fumbi, ngakhale azimayi a kwa Ndamera misozi chuchuchu. Koma malume sanaseke. Anaimirira n'kukutumula jekete.

"Mtsikana palibe pano. Nyamulani tambala."

Ndinathamangira m'nyumba, foni n'kulira pa mfundo ya chitenje changa.

"Agogo, yodwala ndachotsa, yatsopano yalowa, ikukopera bwino. Ndili pa kabaza, ndawoloka mlatho!"

Wofundika analibenso. Ndinadzifundika ndekha.

"Dikirani, dikirani, uyu ndiye weniweni!" anakuwa mayi ake a mkwati, mwana wanga.

Ndinatuluka. Ayi ndithu ndinayenda, ana inu! Phazi limodzi, kupuma. Chiuno uku, chiuno uko. Ndinazungulira mtengo wa nimu, ndinasochera dala kulowera ku khola la mbuzi, anandibweza. Ndinakagwada pamaso pa mnyamatayo, mawondo akulira phokophoko. Malume anakhalanso pansi, anavundukula mwaulemu, anapeza mano anga awiri akuwasekerera.

"Mwamuna wa mdzukulu ndi wanganso," ndinatero. "Mwandikana?"

Ali pakati pondikana, mdzukulu wanga anafika n'kulowera kuseri, kudzera m'munda wa mapira. Azimayi anamupukuta fumbi, anamuponyera chitenje, anamutulutsa.

Malume sanadzuke n'komwe. Anangogwedeza dzanja ngati akuinga ntchentche.

"Bwezani ameneyo. Tatopa nazo nkhalamba zanu."

Ine ndinayang'ana kumwamba. Chitenje chija chinayamba kugwedezeka mapewa, kenako munatuluka kakuseka kotsamwa, kofwenthera m'mphuno.

Mnyamata uja atamva kusekako, analumpha, mpando gubudu.

"Malume! Ameneyo musabweze! Ameneyo ndi wanga!"

Anavundukula yekha, mwambo kapena wopanda mwambo. Malume anayang'ana mtsikanayo, thukuta likutsika, anayang'ana ine. Mimba yawo inayamba kudumpha m'kati mwa jekete, anayesa kuigwira, inakana.

"Perekani tambalayo msanga," anatero akupukuta maso, "asanatulutse mbuzi yofunda."

Nthungululu yanga inamveka mpaka ku Shire.