Ntchito Imene Esinta Anaikana

Mng'ono wanga Esinta atapeza ntchito yophika pasukulu ina ku Nsaru, mwamuna wake atalola kale, anabwera kudzandifunsa ine mphunzitsi ngati akazi apantchito timasangalala.

"Ayi ndithu," ndinatero, n'kuusa moyo ngati ndili pamaliro. "Iwe uli pabwino, pakhomo pako."

Ndinanama. Ntchito yanga ndimaikonda. Kungoti Esinta ndiye ankandilerera mwana ndikapita kukaphunzitsa, ndipo ndinachita ulesi kusaka wina.

Ntchitoyo anaikana. Mwana uja ali kusekondale tsopano, koma Esinta akadali pakhonde la nyumba yake, kuswa mtedza. Ndikamadutsa m'mawa amandiyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti, "Pepani achemwali, mukukavutikanso, eti?"

Ine ndimagwedeza mutu kuvomera, n'kufulumiza mwendo.