Zala za a Penti

Amuna anga anthu amawatcha a Penti, ndipo ngakhale ine ndinazolowera kuwaitana choncho. Moyo wawo wonse akhala akupenta njinga zamoto pa galaja ina kuseri kwa msika. Sindikunena zonyamula anthu izi ayi, koma zija zothamanga ngati zapenga, za anyamata osamva.

Zophimba za njinga zimenezi n'zakaboni, nsalu yakuda yoluka ngati mkeka, youmitsidwa ndi guluu, yopepuka moti mwana anganyamule ndi dzanja limodzi. Eni ake ambiri safuna mtundu uliwonse, amangofuna vanishi kuti kulukako kuzioneka. Koma kaboni amakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Ukapopera vanishi tisanatsekedwe, pamatuluka zipsera ngati za nthomba. A Penti ankatipeza ndi nsonga za zala. Ankatsinzina n'kumapapasa pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa.

Manja amenewo ankasamba ndi thina, mankhwala osungunulira penti, tsiku lililonse. Ndinalankhula mpaka kukamwa kuuma, ati, "Ndikavala magolovesi ndimva chiyani?" Munthu wamakani ngati ameneyu sindinamuone.

Zinayamba ndi mabatani a malaya, ankalimbana nawo ngati mwana. Kenako ndinawaona atagwira kapu ya tiyi wowira, chikhatho chikufiira, iwo akumvetsera wailesi. Kuchipatala anati mitsempha ya m'zala yatha, dzanzi limeneli silidzachoka. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kuvala chipewa. Panjira anandiuza kuti bwana wa galaja asamve, chifukwa akamva, ntchito yathera pomwepo.

Ndiye ndinayamba kuwapititsira chakudya masana. Anzawo akatuluka, iwo ankatseka chitseko cha chipinda chopoperamo.

"Amayi, tapapasani apa."

Ine ndine telala, zala zanga zimamva. Ndinkapapasa, ndikapeza kabowo n'kulemba ndi choko, iwo n'kutseka. Panja anzawo ankafa ndi phwete. "Chikondi cha paukalamba! A Penti, chitsekocho mwatsekeranji?" Iwo sankaseka, sankakwiyanso. Miyezi inapita choncho, njinga zikutuluka zonyezimira, bwana akuyamika.

Kenako mwana wathu wamkazi anachira, ndinapita kukamuthandiza ndi khanda. Ndinawauza a Penti kuti adikire ndibwere, koma mwini njinga ankavutitsa, anapenta okha. Atamaliza kukhula ndi sandipepa anapukuta ndi nsalu bwinobwino, ndiye mwachizolowezi anapititsanso zala pamwamba komaliza. M'mphepete munali ulusi wa kaboni wothyoka, wakuthwa ngati minga. Unawacheka, iwo osamva. Pa chinthu chakuda magazi saoneka, anapopera vanishi pamwamba pake.

Tsiku lomwe ndinabwerako ndinafika ndi chakudya, n'kupeza atulutsa chophimbacho padzuwa, onse atachizungulira. Mkati mwa vanishi munali mizere yofiirira ya zala, kuchokera uku mpaka uko, yosachoka.

Bwana sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, "A Penti, tambasulani dzanja, mutsinzine." Iwo anatero. "Ndagwira chala chiti?"

"Chapakati, bwana."

Bwana manja ake anali m'thumba. Palibe anaseka. Wina anapita kukazimitsa kompuresa, makina opopa mpweya, ndipo ndinamva phokoso la kumsika lomwe sindinkalimva pamalopo.

"Mwatigwirira ntchito nthawi yaitali, sindingakuthamangitseni," anatero bwana. "Muzisesa, muzitsegula geti. Koma mfuti yopoperera ija musaigwirenso."

A Penti anati, "Chabwino." Anafunsa komwe kumakhala tsache. Anthu inu, munthu wakhala pamalo zaka zonsezi osadziwa komwe kumakhala tsache! Ndinkayembekeza kuti ndilira kapena nditukwana wina, poti pakamwa panga sipachedwa, koma m'mtima munalibe kalikonse. Ndinangoima ndi mbale m'manja mpaka chakudya chinazizira.

Titafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Tinakhala pakhonde, ndinatenga singano yanga yosokera kuti ndiwachotse tiulusi takuda tomwe tinatsalira m'zala. Tinali tambiri, tina titayamba mafinya. Ndinkachotsa mosamala, ndikuuzira ngati mmene ndinkachitira ndi ana.

"Musavutike n'kuuzira, amayi," anatero. "Ingobayani."

Ndinabaya. Iwo ankayang'ana zovala za aneba pachingwe. Tiulusi titatha sindinasiye, ndinalowetsa singano pachala cholozera, mwadala, mozama, mpaka magazi anatsikira pa siketi yanga. Ndinkangofuna anene kuti mayo, kamodzi kokha.

"Mwamaliza?" anafunsa osacheuka.

"Ayi, katsala kamodzi," ndinatero, n'kugwira chala china.