Chithunzi cha Msilikali Wogwada

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito kuno kwa Kabudula, ndiponso mkulu wa mpingo, koma ndinasokoneza ukwati wa mwana wa mlongo wanga chifukwa cha chithunzi chimene sindinafunsepo kuti chinachokera kuti. Inu owerenga, musafulumire kundiseka, mwina nanunso muli nacho chanu pakhoma.

Agogo athu aamuna anapita ku nkhondo yaikulu ija ya azungu, ndipo anabwerako ndi chithunzi. Pamenepo pali asilikali awiri achikuda. Wina waima chilili mfuti ili paphewa, wina wagwada pamapazi pake atazyolika. Nkhope sizioneka bwino chifukwa cha zipewa. Agogowo anamwalira ine ndisanabadwe, koma tonse tinakula tikuuzidwa kuti woimayo ndi iwowo, pamene wogwadayo ndi agogo a banja la tsidya la dambo. Akuti anathawa nkhondo, agogo athu n'kuwagwira, ndiye apo ankapempha kuti asaphedwe. Choncho a tsidyawo tinkawatcha amantha. Ine, poti ndinapita kusukulu, ndinkaithira mchere nkhaniyi mpaka kutchula mawu amene wogwadayo ankalira, ngati kuti ndinalipo.

Matipate atangoyamba kumene, Esinati, mwana wa mlongo wanga uja, anakondana ndi Yohane wa tsidya lomwelo. Mnyamatayo analibe banga. Ankaimba kwaya, fodya ankalimanso bwino. A kwawo anabwera mwaulemu kudzafunsira mbeta kwa ine monga malume. Ndinalowa m'nyumba, n'kutsitsa chithunzicho, n'kuwaikira pamphasa. Ndinawauza kuti mbumba yanga siingabereke ana a magazi amantha. Iwo anangoyang'anana, n'kutsanzika. Esinati analira, mlongo wanga anandidandaulira, koma ine mutu gwa. Mapeto ake awiriwo anathawira ku esiteti ina cha ku Kasiya kukakhala matenanti. Poti analowana opanda ankhoswe, mpingo unawadula, ndipo pa bwalo lowadulalo ndinakhala nawo osawaikira kumbuyo.

Patapita zaka, bambo a Yohane anamwalira. Maliro sasankha mdani, ndinapita. Nditalowa m'nyumba ya siwa kukapepesa, maso anga anagwera pakhoma. Chithunzi chomwe chija, asilikali omwe aja. Titachoka kumanda ndinakokera pambali mng'ono wa malemuyo n'kumufunsa kuti anachitenga kuti.

"Aphunzitsi, ifenso tinauzidwa kuti woimayo ndi agogo athu, wogwadayo ndi anu," anayankha modekha. "Kungoti ife sitinaone kuti n'chifukwa cholekanitsira ana."

Anandiuzanso kuti pogula fodya m'midzi anachipezapo chithunzi chomwechi ku Nambuma ndi ku Nsaru, m'nyumba za anthu osadziwana. Mkulu wina amene anamenya nawo nkhondoyo anamufotokozera kuti asilikali ambiri ankangogawiridwa chithunzichi pobwerera kwawo. Wogwadayo sakupempha kanthu, akuphunzitsa mnzakeyo kukulunga nsalu ya m'miyendo imene asilikali ankavala. Nditafika kunyumba ndinavala magalasi n'kuyang'anitsitsa, ndipo nsaluyo inalidi m'manja mwake. Zaka zonsezo ndinkangoona zimene ndinauzidwa. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Tsiku lometa ndinabwereranso, n'kumupeza Esinati kuseri kwa nyumba akutsuka mbale. Anali ataonda, dzuwa la ku esiteti litamudetsa. Ndinayamba kupepesa. Iye anagwada, n'kundimvetsera mpaka ndinamaliza, osakwiya, osalira. Kenaka anaitana mwana wake wamkazi amene ankasewera pafupi.

"Bwera udzapereke moni kwa alendowa."

Inu owerenga, safunsa anadya phula. Chithunzi sichilankhula, amalankhula ndi amene wachinyamula, ndipo nthawi zambiri amanena zokomera kwawo. Masiku ano zithunzi za nkhondo zakale zikungoyenda m'mafoni, aliyense akuikapo nkhani yake yonyozera mtundu wa anzake. Musanaweruze nacho munthu, funsani kuti anajambula ndani, anajambula kuti, ndipo ali pamenepowo ndani. Makamaka inu amalume, mawu anu amamanga kapena kupasula moyo wa mwana. Kamtsikana kaja kanandipatsa moni mwaulemu, n'kubwerera kokasewera, ndipo mpaka lero sikadziwa kuti ndine agogo ake.