Kabokosi ka M'galimoto ya a Buleki

Anzawo ankawatcha a Buleki, chifukwa nkhuku ikangoyang'ana msewu, iwo ankaima kuti iwoloke kaye. Anakalambira pa chiwongolero cha galimoto yoperekera buledi m'magolosale. Nyumba yawo inali ya lendi, njinga analibe, koma akanena kanthu madalaivala anzawo sankafunsanso kawiri. Chuma chawo chinali chimenecho.

Mwini fakitale ya bulediyo atamwalira, mpando unagwera mwana wake, yemwe a Buleki ankamuperekeza kusukulu akadali wamamina. Mwanayo anabwera ndi kompyuta, ndi timabokosi takuda toika pansi pa chiwongolero, tosonyeza pomwe galimoto ili. Madalaivala anakana, amvekere sangayende ndi kazitape pakati pa miyendo. Bwana wamng'onoyo anaitanira a Buleki mu ofesi, n'kuwapatsa mpando wofewa, n'kumawatchula kuti amalume. Anawalonjeza kuti timabokosito n'togwirira mbava basi, za pomwe munthu waima palibe adzaziyang'ane.

A Buleki anakwera pa kireti m'galaja muja. "Mwana uyu ndamupukuta mamina ine. Akanakhala wabodza ndikanamudziwa. Yambani ndi galimoto yanga."

Womaliza kuvomera anali alamu awo, achimwene a akazi awo, ndipo anali ndi chifukwa. Makireti anali atawamaliza msana. Kuyendetsa ankatha, koma kunyamula ayi. Choncho m'mawa uliwonse a Buleki ankapatuka panjira yawo, n'kukawatsitsira katundu pa golosale yaikulu ya kuseri kwa msika. Galaja yonse inkadziwa. Malemu bwana ankadziwanso, ankangoyang'ana kumbali. Alamuwo anawachenjeza moseka kuti zikadzavuta, ana awo adzawadyetsa ndi a Buleki. Iwo anayankha kuti ana odya ngati chigayo amenewo sangawathe, ndiye alamu asade nkhawa, sizivuta.

Patapita miyezi a Buleki anaitanidwanso ku ofesi. Mpando womwe uja, ndi tiyi pamwamba. Pa kompyuta panali timadontho tiwiri, galimoto yawo ndi ya alamu, tokumbatirana malo amodzi tsiku ndi tsiku. Bwanayo anafunsa akumwetulira ngati amalume apeza chibwenzi kumsika. A Buleki anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anafotokoza zonse, monga munthu afotokozera mwana wa m'nyumba: za msana uja, mmene unayambira, mmene alamu amagwirira khoma akamatsika m'galimoto. Mumtima ankati mwina apa papezeka wowanyamulira. Bwana wamng'onoyo ankangogwedeza mutu uku zala zili pa kompyuta, ndipo pomaliza anawathokoza kwambiri.

Makina aja sankadziwa za msana wa munthu. Ankangoona madontho. Za msana anazimva kwa a Buleki.

Sabata yotsatira alamu anabwezedwa pageti. Mlonda ndiye anapatsidwa uthengawo, wakuti kampani ikudera nkhawa thanzi lawo, akapume. Bwana mwini wake analibe nthawi yotuluka kudzawayang'ana kumaso. Magolosale awo onse kompyuta inawaphatikiza ndi a a Buleki, popeza inaona kuti amafikako kale ndipo nthawi imawakwanira.

A Buleki analowa mu ofesi osagogoda, n'kumukumbutsa bwanayo lonjezo lija. Tsiku limenelo panalibe mpando.

"Ine sindinayang'ane, amalume," anatero, maso ali pa foni. "Makinawa amadzionetsera okha. Zinazo munandiuza nokha."

Mpaka lero akuyendetsabe. Kusiya ntchito sangathe, pakuti makomo odya tsopano ndi awiri. Akalowa m'galaja nkhani zimazima ngati wathira madzi pamoto. Dzina la Buleki linatha. Akadutsa amamva chapansipansi, Kabokosi wafika, tsekani pakamwa. Amene ankawabweretsera milandu yawo kuti awaweruzire, lero amasuntha benchi.

Loweruka lina anagula buledi wofewa, wotuluka kumene mu uvuni, n'kutumiza kwa alamu kuti ana amwere tiyi. Pobwera kunyumba anamupeza pa tebulo, pepala lake losamasula n'komwe. Akazi awo ankasita, osatembenuka.

"Achimwene akuti mukampatse mphwanu wa ku ofesi uja."

M'mawa mwake anakaima kuseri kwa msika, n'kutsitsa makireti omwe aja, pakhomo lomwe lija. Atawerama kunyamula lomaliza, anamva kanthu kakukoka m'munsi mwa msana. Anagwira khoma, n'kuyang'ana galimoto. Sanauze munthu.