Mtsuko Wobangula wa a Tukijan

A Tukijan anabadwira kum'mawa kwa chisumbu cha Java, nkhalango ikadali nkhalango. Masiku amenewo nyalugwe wamkulu wamizere sankatchulidwa dzina. Anthu ankangoti Agogo. Ukapeza phazi lawo pamatope unkatsitsa mawu, n'kupempha njira mwaulemu, n'kudutsa.

A Tukijan sanawaonepo Agogowo ndi maso, koma mawu awo ankawasunga m'nyumba. Bambo awo pomwalira anawasiyira munda wa chinangwa m'mphepete mwa nkhalango ndi mtsuko wadothi. Pakamwa pa mtsukowo panali pokunga chikopa cha mbuzi, pakati pake patatuluka chingwe. Ukanyowetsa dzanja n'kumakoka chingwecho pang'onopang'ono, mtsuko unkabangula ndendende ngati Agogo. Nguluwe zobwera kudzafukula chinangwa zikamva, zinkaliyatsa liwiro osacheuka. Ana a Tukijan onse anakulira chinangwa cholonderedwa ndi mtsuko umenewu.

Kenako kunabwera macheka. Phiri lina anadzalapo khofi, lina mitengo ya labala, lina mitengo ya matabwa yondanda ngati ana a sukulu. Agwape anasowa, mapazi aja pamatope anasiyanso kuoneka. Mudzi wonse unavomereza kuti Agogo anatha, kupatula a Tukijan, amene makani anali ndiwo zawo.

"Bambo ake Darsih, inu mwanyanya," ankatero akazi awo a Lasiyem, uku akuyanika chinangwa chosenda pamphasa. "Agogo anuwo ali kuti? M'munda wa khofi? Kapena analembedwa ntchito yothyola?"

"Seka, mayi, seka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wamkulu sayenda ndi belu."

"Aa! Inu ndi mphika wanuwo, okalamba awiri."

"Nanga nguluwe zimathawa chiyani? Mphepo? Zimathawa chimene zimakumana nacho kuphiri uko."

Umboni wawo wonse unali umenewo, ndipo unkawakwanira. Nguluwe ikathawa mtsuko, ndiye kuti kwinakwake, m'chigwa chosafikako macheka, Agogo akadali kupuma. Anzawo anaweta agalu, ena anamanga mipanda ya nsungwi. A Tukijan ankangokunga chikopa chatsopano chakale chikang'ambika, ndipo podutsa pamtsinje ankapemphabe njira, ngakhale panalibe woyankha.

Chaka china, mawondo atayamba kale kukana phiri, anatuluka m'mawa atapemphera, mtsuko uli m'khwapa. Anapeza nguluwe yaikazi ndi ana ake ili pakati pa munda, mphuno zili m'dothi. Anakhala pansi kuseri kwa nthochi, ananyowetsa dzanja ndi mame, n'kukoka chingwe. Mtsuko unabangula bwino zedi, mpaka tsitsi lawo lomwe linanyanyuka.

Nguluwe ija inadzutsa mutu, inagwedeza khutu, n'kubwerera ku chinangwa chake.

Anakokanso mwamphamvu. Kamwana kena kanasiya kufukula, kanabwera kakudumphadumpha mpaka pafupi ndi nthochi, kudzanunkhiza chinthu cholira modabwitsacho. Mantha kanalibe ngakhale pang'ono. A Tukijan anakayang'ana, dzanja lili pachingwe. Akanatha kukuwa kapena kuponya chibuma, koma sanatero. Chisoni chinawagwira, ndipo sichinali cha chinangwa. Anakhala pomwepo mpaka nguluwe zitakhuta n'kumapita mosapupuluma.

Kunyumba anapeza a Lasiyem akupepeta mpunga.

"Nanga nkhope imeneyo? Mphika wasweka?"

"Ayi, walira bwino."

"Sizinathawe?"

"Sizikuwadziwa Agogo, mayi ake Darsih. Ngakhale mayi wazo sakuwadziwa."

A Lasiyem anaika lichero pansi. Mawu oseka anali kale pamlomo, koma anawameza. Amuna awo anakhala pakhonde, anamasula chikopa chija mosamala, mfundo imodzimodzi, n'kuwapatsira mtsuko ndi manja awiri.

"Ndi mtsuko wabwino, sudontha," anatero. "Uzitungira madzi."