Namawaya ndi Ndowa Yoyesera Ampulifaya

Inu amene munasenzetsedwapo mlandu wa wina, imvani za mayi uyu.

Ampulifaya, chida chokuzira mawu, inapsa pakati pa ukwati, akwati ali mkati movina. Utsi unati tolo, holo yonse zii. Mwini shopu yobwereketsa zidazo sanachedwe. Analoza chala mayi amene ankamukonzera zida, pamaso pa khamu lonse.

"Ndi uyu! Ndinalakwa kulemba ntchito munthu wamkazi."

Bodza lamkunkhuniza! Dzulo lake mayiyo anali atachonderera kuti, "Bwana, ndangoikamo zipangizo zatsopano. Ndiloleni ndiiyese kaye itenthe, tione ngati ipirire." Bwanayo anangoti, "Ikulira, si choncho? Nyamulani." Koma pa ukwatipo ndani akanamvera mayi wamasiye wovala ovolosi? Ntchito inathera pomwepo, ndipo bwanayo anamulanda ngakhale mita yoyezera magetsi imene malemu mwamuna wake anamusiyira.

Mumsewu anayamba kumutcha Namawaya, monyoza. Akamadutsa, okonza mawailesi anzake ankakuwa kuti, "Bisani zida, wootcha uja akubwera!" Amuna akuluakulu, odziwa bwino lomwe kuti ampulifaya siperekedwa isanayesedwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe womuikira kumbuyo.

Mchimwene wake anati, "Achemwali, zamawayazi zisiyeni. Gulitsani tomato, ana adye."

"Achimwene, ndikasiya ndiye kuti bodza lija ndalivomera."

Mayiyo anazula chitseko chakale n'kukhoma benchi pakhonde. Ampulifaya siyesedwa mphamvu yake yonse ndi masipika, angaphulike. Pamafunika chinthu chomeza mphamvuyo mwakachetechete, ndipo iye analibe. Anatola zitsulo zowiritsira madzi za m'maketulo otayidwa, nazilumikiza kuti zizikoka mphamvu ngati sipika, n'kuziviika mu ndowa ya madzi. Kulira koyesera ankakutenga pafoni. Makina oonetsa funde la mawu pagalasi anawapeza ali akufa kwa ogula zitsulo zakutha, nawadzutsa yekha.

Poyamba zinkakanika. Waya anasungunuka, chala chinapsa. Aneba ankafa nazo nseko: "Namawaya akuphikira ampulifaya tiyi!" Miyezi inadutsa akungokonza timawailesi, ana akugona ndi njala masiku ena.

Tsiku lina kunabwera mtsogoleri wa bandi ndi ampulifaya imene inkazima pakati pa nyimbo. Okuwa mumsewu aja anali ataimvetsera kamphindi, nati ilibe vuto. Namawaya anailumikiza ku ndowa, nakweza mawu pang'onopang'ono. Ampulifayayo inali ndi mbali ziwiri zotulutsira mawu. Mbali yakumanzere funde linakwera pagalasi losalala bwino. Kumanja linaphwatalala pamwamba mphamvu isanafike ndi theka lomwe, chitsulo chakumbuyo chikutentha chosakhudzika.

"Mayi, mawa tili ndi phwando. Ingoipukutani mundipatse."

"Bambo, mbali iyi ikudwala. Mukafuna inyamuleni, koma musakanene kuti inadutsa m'manja mwanga."

Bamboyo anang'ung'udza, anazungulirazungulira, kenako anakhala pansi. Namawaya anafufuza mpaka anapeza polumikizira pamene panang'aluka, napawotcherera. Sanaipereke. Anaisiya ikugwira ntchito masana onse mpaka madzi a mu ndowa anatentha, nayezanso. Mbali zonse ziwiri zinafanana. Kuphwando kuja inaimba osatsokomola n'komwe.

Oimba sasunga chinsinsi. Mbiri inawanda, ndipo mabandi, matchalitchi ndi eni maholo anayamba kundanda pakhonde paja. Lero ali ndi shopu yakeyake, ana ake ali pasukulu, ndipo akuphunzitsa amayi anzake ntchitoyi. Lamulo lake ndi limodzi: chida chisatuluke chisanatenthe pabenchi.

Nanga bwana uja anapepesa? Ayi ndithu. Mpaka lero akakumana naye amayang'ana kumbali ngati wolakwiridwa ndi iyeyo. Okuwa aja tsopano amati, "Ife tinkadziwa kale kuti ndi katswiri." Manyazi alibe! Ine zimandiwawa ndikamazikumbuka, koma mayiyo alibe nthawi yoti zimuwawe, ntchito yamuchulukira.

Inunso amene anakuipitsirani dzina, musakhale manja lende kudikira chipepeso, mwina sichidzabwera. Pukutani misozi, gwirani ntchito yanu moona, ndipo musalole kuti bodza la munthu wina likhale mbiri yanu yomaliza. Limbani mtima, musautaye.